Kabuku ka kuchipatala kakatsala kumudzi

Mwezi wa June chaka chatha mayi anga adabwera kudzakhala nafe kuno kumpoto komwe ndimaphunzitsa. Adachoka kumudzi kwathu m'chigawo chapakati atanyamula thumba la ufa, nkhuku yamoyo, mtedza wa adzukulu ndi zitenje zawo zitatu. Koma kabuku kawo ka kuchipatala adakaiwala. Kadatsala m'chikwama chakale chomwe amapachika kuseri kwa chitseko, pamodzi ndi khadi la kumpingo ndi malisiti a feteleza.

Mayi ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, lomwe ambiri timangoti BP, ndipo akhala akumwa mankhwala kwa zaka zingapo. Patatha sabata zitatu mankhwala omwe adabwera nawo adatha, choncho ndidapita nawo kuchipatala chaching'ono cha kufupi ndi sukulu yathu. Adokotala adawalandira bwino n'kufunsa kuti, "Amama, mumamwa mankhwala anji?" Mayi adayankha mosakayika kuti, "Toyera, ting'onoting'ono, kamodzi m'mawa." Adokotala adamwetulira n'kunena kuti theka la mankhwala omwe ali m'chipinda chawo ndi oyera komanso ang'onoang'ono. Adawayeza, adawalembera mankhwala omwe adaona kuti ndi oyenera, ndipo tidagula kabuku katsopano.

Patapita sabata ziwiri, ine ndili kuyang'anira mayeso a Fomu 4, mayi adadandaula mutu. Akazi anga adathamanga nawo kukachipatala kena kolipira, ndipo m'chipwirikiti chija kabuku katsopano nakonso kadatsala pa tebulo. Kumeneko adawayezanso n'kuwapatsa mankhwala ena. Sabata yomweyo mchimwene wanga adatumiza pa minibasi mankhwala omwe adawapeza kumudzi. Mayi ndi munthu womvera. Chilichonse chomwe wapereka dokotala amamwa, choncho m'mawa uliwonse ankatsegula timapepala tonse titatu.

Tsiku lina m'mawa adamva chizungulire n'kugwa akutuluka kubafa. Mwamwayi sadathyoke, adangosupuka chigongono. Kuchipatala chachitatu komwe tidapita nawo, namwino wina wachikulire adatiuza kuti tibweretse mankhwala onse omwe ali m'nyumba. Atawayala pa tebulo adapeza kuti timapepala tiwiri tidali mankhwala amodzimodzi, kusiyana kwake kudali maonekedwe ndi kampani yopanga. Mayi ankamwa mlingo wowirikiza, kuonjezera pa mtundu wachitatu, ndipo magazi awo adatsika kupyola muyeso.

Ndaganizira nkhaniyi kwa miyezi yambiri, ndipo sindikupeza munthu woti ndimuloze chala kupatula ife eni ake. Dokotala aliyense adachita zoyenera malinga ndi zomwe adaona pamaso pake. Vuto lidali lakuti wachiwiri sadadziwe zomwe adachita woyamba, ndipo onse awiri sadadziwe zomwe adalemba wa kumudzi. Mbiri yonse ya matenda a mayi idali m'kabuku komwe kadali makilomita mazana angapo kuchokera pomwe mwini wake adagwera.

Lero ndikufuna tikambirane za anthu ena omwe adaona vuto lomweli kalekale n'kuyesa kulithetsa ndi kompyuta, pomwe adafika, ndi pomwe ntchito yawo idakalipobe.

Woyamba ndi Gerry Douglas, katswiri wa makompyuta yemwe adafika m'dziko muno m'chaka cha 1996 ngati wogwira ntchito mongodzipereka pansi pa bungwe la VSO, ndipo adagwira ntchito ku Unduna wa Zaumoyo. Anthu ambiri obwera mwa njira imeneyi amakhala chaka kapena ziwiri, amajambula zithunzi kunyanja, basi n'kubwerera kwawo. Mkuluyu sadatero. Cha m'ma 2000, pamodzi ndi mkazi wake Thuy Bui yemwe ndi dokotala, adayambitsa bungwe la Baobab Health, ndipo m'chaka cha 2001 adaika makompyuta oyamba kuchipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chomwe lero timachitcha Kamuzu Central, kuyambira kumbali ya ana.

Chomwe chimandisangalatsa pa mbiri yake ndi momwe adaganizira za malo omwe ankagwirako ntchito. Ndalama zogulira makompyuta apamwamba padalibe, choncho ankagula timakina totchipa totchedwa I-Opener, tomwe ku America tidalephera malonda, n'kutisintha kuti munthu azingodina ndi chala pagalasi. Adadziwa kuti anamwino ndi makalaliki ambiri nthawi imeneyo adali asadagwirepo kompyuta, ndipo kuwaphunzitsa kutaipa kukadatenga miyezi. Adadziwanso kuti magetsi amazima, choncho makinawo ankayendera mabatire omwe amasunga moto. Wodwala akalembetsa, makina ankatulutsa sitika yokhala ndi dzina, nambala ndi timizere takuda ngati tija timaona pa katundu wa m'sitolo, ndipo sitikayo inkamatidwa pa kabuku ka kuchipatala. Ulendo wotsatira kudali kungowalitsa timizere tija, dzina la munthu n'kutuluka.

Maganizo ake akulu, omwe adawalembanso pamodzi ndi anzake m'magazini a zachipatala, adali akuti uthenga wa wodwala uzilowetsedwa m'makina pomwepo, ndi munthu yemwe akuona wodwalayo, wodwala akadali pampando. Njira yakale idali yakuti dokotala alembe pa pepala, kenako kalaliki adzakopere m'kaundula madzulo kapena kumapeto kwa mwezi, n'cholinga chotumiza lipoti kulikulu. Uthenga wotere umathandiza wolemba lipoti, koma wodwala amakhala atapita kale. Ukalowetsedwa pomwepo, makina amatha kukumbutsa dokotala zomwe zidachitika ulendo wapita, kuwerengera mlingo wa mankhwala, ngakhale kuchenjeza kuti munthuyu adadumpha tsiku lake. Ife aphunzitsi timazidziwa bwino izi. Kuchonga makope a ana kumapeto kwa teremu kumadzaza lipoti, koma mwana amathandizika ukamuchongera akadali m'kalasi.

Boma litayamba kupereka ma ARV aulere m'chaka cha 2004, chiwerengero cha anthu olandira mankhwala chidakwera mofulumira kotero kuti makadi a pamanja adayamba kulemera. M'chaka cha 2006 makina a Baobab adayamba kugwira ntchito kumbali ya ma ARV ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, kenako adafalikira m'zipatala zina zambiri. Douglas adachita maphunziro a ukachenjede ku University of Pittsburgh ku America komwe adaphunzitsanso, koma sadaleke kubwera kuno. Akuluakulu adati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo pa nkhani iyi mwambiwu udapherezera.

Ife a kuno kumpoto tili ndi mbiri yathuyathu pa nkhani imeneyi, ndipo ana ambiri omwe ndimawaphunzitsa saidziwa. Chipatala chachikulu cha Mzuzu chidamangidwa ndi thandizo la dziko la Taiwan ndipo chidatsegulidwa m'chaka cha 2000. Madokotala ochokera ku Pingtung Christian Hospital ku Taiwan adabwera kudzagwira ntchito kumeneko, motsogozedwa ndi Dr Joseph Yu. M'chaka cha 2004 adathandiza kutsegula Rainbow Clinic, komwe anthu amalandirirako ma ARV, ndipo adaikako makompyuta omwe ankazindikira wodwala ndi chidindo cha chala chake. Munthu akataya khadi, chala chake chinkamuyankhulira. Tangoganizani, zimenezi zinkachitika ku Mzuzu zaka zoposa khumi chitupa cha unzika chisadabwere.

Kenako ndale zidalowapo. Mu January 2008 boma la Bingu wa Mutharika lidalengeza kuti lathetsa ubale ndi Taiwan ndipo lapalana ubwenzi ndi China. Gulu la madokotala a ku Taiwan lidayenera kunyamuka. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Chomwe chidapulumutsa ntchito ya makompyuta ija n'chakuti bungwe la Luke International, lomwe lidalembetsedwa ku Norway ndipo limagwirizana ndi chipatala cha Pingtung chija, lidapitiriza ntchitoyo lili ndi ofesi ku Mzuzu, n'kumathandiza zipatala za m'chigawo chino. Phunziro lake tisaliiwale. Mbiri ya matenda a anthu masauzande ikhoza kugwedezeka chifukwa cha chiganizo chomwe chapangidwa mu ofesi ku Lilongwe kapena kunja kwa dziko, odwalawo osafunsidwa.

Munthu wachitatu ndi Mmalawi mnzathu, Soyapi Mumba, mmodzi mwa akatswiri olemba mapulogalamu a kompyuta omwe adakulira m'bungwe la Baobab mpaka kufika pa utsogoleri. M'chaka cha 2017 adaima pa msonkhano wa TEDGlobal ku Arusha m'dziko la Tanzania n'kufotokozera dziko lapansi momwe Amalawi adapangira makina a m'chipatala ogwirizana ndi mavuto athu a magetsi ndi netiweki. Mumba yemweyu, pamodzi ndi Clement Mwazambumba, ndi omwe adapereka maganizo omwe adabala Chipatala Cha Pa Foni. Ntchitoyi idayamba m'boma la Balaka m'chaka cha 2011 ndi bungwe la VillageReach, idafalikira dziko lonse, ndipo pambuyo pake idaperekedwa m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Munthu amaimba foni mwaulere n'kulankhula ndi wachipatala asadawononge ndalama ya kabaza.

Dzina la Mumba ndimalitchula dala m'kalasi. Ndikafunsa ana a Fomu 3 kuti ndani akufuna kudzagwira ntchito ya zaumoyo, manja amakwera ambiri, koma onse amati unamwino kapena udokotala. Palibe amene amadziwa kuti munthu wokonda masamu akhoza kupulumutsa moyo atakhala pa kompyuta. Sukulu yathu ili ndi makompyuta ochepa oti ana amaphunzirira mosinthana, ena amamaliza Fomu 4 asadagwire n'komwe. Chikhalirecho Mzuzu University ili pafupi pomwepa ndipo imaphunzitsa zamakompyuta komanso unamwino. Mwana wa ku CDSS akauzidwa kuti njira imeneyi ilipo, mwina mmodzi mwa makumi asanu adzaitsata, ndipo mmodziyo ndi wokwanira kuyambira.

Tsono funso lomwe lakhala likundisowetsa tulo ndi ili: ngati ntchitoyi idayamba mu 2001, bwanji mayi anga adamwa mankhwala owirikiza zaka zoposa makumi awiri pambuyo pake?

Yankho loyamba ndi lakuti makina adatsatira ndalama, ndipo ndalama zidatsatira matenda amodzi. Thandizo lalikulu lidachokera ku boma la America kudzera ku PEPFAR ndi CDC, komanso ku Global Fund, ndipo cholinga chake chidali kachilombo ka HIV ndi chifuwa chachikulu. Palibe wotsutsa kuti ntchitoyo idapindula. M'dziko lomwe muli anthu pafupifupi 1 miliyoni omwe ali ndi kachilomboka, ambiri akumwa mankhwala ndipo akulima, akuphunzitsa, akulera ana awo. Koma munthu yemweyo wolandira ma ARV akadwala shuga, nthawi zambiri amatuluka m'chipinda chokhala ndi kompyuta n'kukalowa m'chipinda china cha kaundula wa pamanja, ngati kuti ndi anthu awiri. Kafukufuku yemwe Unduna wa Zaumoyo udachita ndi bungwe la WHO m'chaka cha 2009 adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 adali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. BP, shuga, mphumu ndi khunyu ndi matenda oyenda nawo moyo wonse, chimodzimodzi HIV, ndipo amafuna kalondolondo wofanana.

Yankho lachiwiri ndi lakuti wodwala wa ku Malawi sakhala ndi chipatala chimodzi. Tengani munthu wa ku Chitipa yemwe watumizidwa ku Mzuzu. Wayambira kwa mlangizi wa zaumoyo m'mudzi, wapita kuchipatala chaching'ono, wafika kuchipatala cha boma, kenako wayenda makilomita oposa 300 kudutsa Karonga ndi kukwera phiri la Chiweta. Wa ku Likoma wakwera sitima mpaka ku Nkhata Bay asadapeze galimoto. Chipatala chachikulu cha Mzuzu chimalandira anthu a maboma onse asanu ndi limodzi a chigawo chino: Chitipa, Karonga, Rumphi, Nkhata Bay, Mzimba ndi Likoma. Pambali pake pali zipatala za mishoni monga St John's, Ekwendeni ndi Embangweni, zomwe zili pansi pa CHAM, bungwe lomwe zipatala zake zimapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo m'dziko muno. Palinso tizipatala tolipira ndi masitolo a mankhwala. Munthu mmodzi akhoza kudutsa m'makomo anayi pa matenda amodzi, ndipo chingwe chokhacho chomwe chimamanga makomo onsewo ndi kabuku ka mapepala kapena kalata yopindidwa kanayi.

Ulendo wopita umakhalako ndi kalata. Ulendo wobwerera ndiye umavuta. Munthu akatulutsidwa kuchipatala chachikulu amabwerera kumudzi, ndipo wachipatala yemwe adamutumiza uja amadalira zomwe zalembedwa m'kabuku, ngati zalembedwa mowerengeka, kapena zomwe wodwala akukumbukira. Kusukulu sitilola zotere. Mwana akachoka sukulu ina kubwera kwathu amabwera ndi kalata ya transifa, ndipo akamalemba mayeso a MANEB amakhala ndi nambala imodzi yomwe imamutsata kulikonse. Ngati timasamala chonchi pofuna kudziwa kuti mwana adakhoza bwanji Biology, kuli bwanji pofuna kudziwa kuti agogo ake akumwa mankhwala anji?

Yankho lachitatu ndi lomwe limandikhudza kwambiri ngati mphunzitsi. Popeza zipatala sizilankhulana mokwanira, ntchito yolumikiza chisamaliro cha wodwala idagwera gadiyani. Ndi gadiyani amene amasunga kabuku m'jumbo, amene amakumbukira kuti adokotala a Lachiwiri adati chiyani, amene amathamangira zotsatira za magazi, amene amaphika kukhitchini ya odikirira odwala, amene amafunsa tsiku lobweranso. M'maiko olemera muli anthu olembedwa ntchito imeneyi, ophunzitsidwa ndi kulipidwa. Kwathu kuno nthawi zambiri ndi mayi wosadziwa kuwerenga Chingerezi chomwe chalembedwa m'kabukumo, kapena mtsikana wa sukulu yemwe banja lamusankha chifukwa choti amadziwa kuwerenga.

Teremu iliyonse ndimakhala ndi mpando wopanda munthu pa chifukwa chimenechi. Chaka china mtsikana wanzeru kwambiri m'kalasi langa adajomba sabata zisanu akudikirira azakhali ake. Atabwerera ndidamufunsa chomwe chidamuvuta kwambiri, ndikuganiza kuti anena za kugona pansi kapena njala. Iye adati chidamuvuta ndi kufotokoza nkhani yomweyomweyo kwa munthu aliyense wovala zoyera, kuyambira pachiyambi, akuopa kuti akaiwala kanthu kamodzi azakhali ake apatsidwa mankhwala olakwika. Mwana wa zaka 16 adasenza udindo womwe umayenera kusenzedwa ndi dongosolo lonse la zaumoyo. Mayeso a teremu imeneyo adalephera masamu, phunziro lomwe ankatsogola.

Tikamayamika anthu odzipereka ochokera kunja, ndipo n'koyenera kutero, tisaiwale odzipereka a m'midzi mwathu omwe mayina awo salembedwa paliponse. Alipo amayi a m'magulu osamalira odwala kunyumba omwe adanyamula anthu pa njinga m'zaka zomwe Edzi inkapulula midzi mankhwala asadabwere. Alipo anthu omwe ali pa ma ARV omwe amayenda wapansi kukafunafuna anzawo omwe asiya mankhwala. Alipo a m'makomiti a zaumoyo a m'midzi omwe amadziwa nyumba iliyonse yomwe muli mayi woyembekezera. Makina akhoza kutulutsa mndandanda wa anthu omwe adumpha tsiku lawo, koma amene amakagogoda pakhomo ndi munthu wa miyendo iwiri, kawirikawiri wosalipidwa kapena wolandira kangachepe. Alangizi a zaumoyo m'madera ena tsopano ali ndi mafoni kapena matabuleti olembera uthenga wa m'mudzi. Ndi chinthu chabwino, bola uthengawo uzikafika pa tebulo la dokotala yemwe adzaone munthuyo mawa, usamangokwera kulikulu kukakhala chiwerengero.

Pali nkhani ya ndalama yomwe sitingaithawe. Kuyambira mu 2019 ntchito yoyang'anira makina ambiri a ma ARV idachoka ku Baobab kupita ku bungwe la EGPAF, ndalama zikuchokerabe ku America. Mu January 2025 boma la America litaimitsa thandizo lake la kunja, mabungwe ambiri a zaumoyo adatumiza antchito kunyumba, ndipo tonse tidaona momwe zinthu zomwe tinkaziyesa zathu zidalili zobwereka. Zomwe zidachitika ku Mzuzu mu 2008 zidabweranso, ulendo uno dziko lonse. Kompyuta ya m'chipatala imafuna batire latsopano, mapepala a sitika, netiweki, ndi munthu woikonza ikafa. Walira mvula walira matope. Ngati tikufuna makina amenewa, aphungu athu aziika ndalama zake mu bajeti ya boma monga amaikira ndalama za mankhwala ndi mafuta a ambulasi. Dziko lomwe lidatha kulembetsa anthu oposa 9 miliyoni pa chitupa cha unzika m'miyezi yochepa mu 2017 silingalephere kupereka nambala imodzi ya kuchipatala yomwe ingagwire ntchito ku Nthalire, ku Mapale ndi ku Nsanje.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu muli ndi mantha, ndipo mantha anuwo ndi omveka. Kabuku kali m'thumba mwanu, mumasankha nokha woti akaone. Uthenga ukalowa m'makina olumikizana, ndani angauone? Kodi kalaliki yemwe ndi mlamu wanu sangadziwe matenda omwe simudauze ngakhale abale anu? M'midzi mwathu nkhani imathamanga kuposa minibasi, ndipo alipo anthu omwe amakalandirira mankhwala kutali dala kuti asaonedwe. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza uthenga wa munthu lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2024. Lamulolo lisathere pa pepala. Aliyense wotsegula mbiri ya wodwala azisiya chizindikiro choti ndi iye watsegula, ndipo woulula chinsinsi azilangidwa poyera. Popanda zimenezi anthu azipereka mayina abodza, ndipo makina odzaza ndi mayina abodza ndi oipa kuposa kabuku.

Palinso dandaulo lina lomwe ndidalimva kwa mnzanga wina wogwira ntchito yachipatala. Iye adati mzere ukakhala wa anthu zana limodzi, magetsi n'kuzima kapena makina n'kuchedwa, munthu umabwerera ku cholembera, ndipo madzulo umakhala ndi ntchito ziwiri, ya pepala ndi ya kompyuta. Adatinso nthawi zina wodwala amadandaula kuti adokotala akuyang'ana galasi m'malo moyang'ana iye. Izi n'zoona ndipo opanga makina azimve. Chomwe chidapulumutsa mayi anga sichidali kompyuta. Adali namwino yemwe adapeza mphindi zisanu zofunsa funso loyenera ndi kuyala mankhwala pa tebulo. Makina abwino ndi omwe angamupatse namwino wotere mphindi zisanuzo, pomuchotsera ntchito yofufuza ndi kukopera.

Pamene tikudikira kuti akuluakulu achite mbali yawo, pali zomwe inu ndi ine tingachite sabata ino popanda kupempha thandizo kwa aliyense.

Kabuku ka kuchipatala kaziyenda ndi mwini wake monga chimayendera chitupa cha unzika. Makolo athu akamanyamuka ulendo wokacheza kwa ana, tiziwafunsa za kabuku tisadafunse za ufa. Kasungeni m'pepala la pulasitiki kuti mvula ndi chiswe zisakaononge. Kakadzaza musakataye, kasokereni pamodzi ndi katsopano. Musagule katsopano pa ulendo uliwonse pofuna kubisa kuti mudapita kwina, chifukwa dokotala amene simukumuuza zoona akuchiza munthu wina, osati inu. Ndipo musabwereke kabuku ka mnzanu, ngakhale mayina anu atafanana.

Amene muli ndi foni yojambula, jambulani masamba omwe alembedwa mankhwala a makolo anu n'kutumizirana pa WhatsApp pakati pa abale okhawo omwe amawasamalira, mwini wake atavomera. Chikhala kuti mchimwene wanga adanditumizira chithunzi cha tsamba limodzi lokha, mayi sakadagwa. Popita kuchipatala nyamulani mankhwala onse omwe wodwala akumwa, ogula kusitolo ndi azitsamba omwe, m'mapepala ake. Musachite manyazi kufunsa adokotala kuti, "Dzina la mankhwalawa ndi chiyani, ndipo akale aja ndisiye kapena ndipitirize?" Funso limeneli silitenga mphindi imodzi. Mukatulutsidwa kuchipatala chachikulu, pemphani kuti akulembereni momveka zomwe apeza ndi zomwe achipatala cha kwanu ayenera kupitiriza, ndipo mukafika kumudzi kaonetseni kabukuko musadadikire kudwalanso.

Aphunzitsi anzanga, ifenso tili ndi gawo. Mu phunziro la Life Skills kapena Biology tikhoza kutenga mphindi makumi anayi kuphunzitsa ana kuwerenga kabuku ka kuchipatala: tsiku lili pati, dzina la mankhwala lili pati, mlingo walembedwa bwanji, tsiku lobweranso lili pati. Ine ndidayesa teremu yatha ndi kabuku kanga komwe. Ana adadabwa kumva kuti bd amatanthauza kawiri pa tsiku ndipo tds ndi katatu. Popeza tikudziwa kuti ana amenewa ndiwo amatumidwa kukadikirira odwala, kuli bwino apite akudziwa. Komanso tiziwasungira manotsi ndi kuwathandiza akabwerera, m'malo mowakalipira ngati kuti adapita kokasewera.

Kwa a Unduna wa Zaumoyo ndi aphungu a m'chigawo chino, pempho langa ndi lalifupi. Ntchito yomwe idayamba ndi timakina totchipa ku Lilongwe ndi chidindo cha chala ku Mzuzu idaonetsa kuti zimatheka, ndipo Amalawi odziwa kuzipanga alipo. Chatsala n'chakuti makinawo afike ku matenda onse, alankhulane pakati pa zipatala za boma, za mishoni ndi zolipira, uthenga uzibwerera kuchipatala chaching'ono komwe wodwala adachokera, ndipo ndalama zake zizichokera m'thumba lathu.

Mayi adabwerera kumudzi mu September, atachira bwinobwino ndipo akumwa mtundu umodzi wokha womwe namwino uja adawasiyira. Timabuku tawo tiwiri, kakale ndi katsopano, akazi anga adatisoka pamodzi ndi ulusi wakuda n'kutiika m'pepala la shuga. Pachikuto ndidalemba dzina la mankhwala ndi zilembo zikuluzikulu, pansi pake nambala yanga ya foni. Sabata yatha adandiimbira kuti akufuna kudzaonanso adzukulu ikatha ntchito yokolola. Ndisadanene kanthu adati, "Usadandaule mwanawe, kabuku ndakaika kale m'chikwama, pansi pa zitenje."